Mlendo Ayambe Waphunzira

Akatolika odzipereka ochokera kumaiko akutali amapita kukaphunzitsa atsikana a mtundu wa Garo ku Meghalaya, m'dziko la India, kumene Dayosizi ya Tura idakhazikitsidwa mu 1973. Ntchitoyi njotamandika, koma mlendo asafike ndi maganizo akuti mtsikana wakumudzi ngwonyozeka kwao. Pakati pa Agaro mwana amatenga mfunda wa amake. Mwana wamkazi mmodzi, wotchedwa nokna, ndiye amalandira chuma cha banja, ndipo mwamuna wake amadzakhala pachikamwini. Mphunzitsi wosadziwa zimenezi angachititse mtsikanayo kupeputsa cholowa chake. Tsono inu aphunzitsi a mawa, musanagwire choko kulikonse kumene mudzatumizidwe, yambani mwafunsa makolo za mwambo wao ndi kuphunzira chilankhulo cha ana. Paja mlendo ndi mame, koma mwana adzatsala ndi abale ake.