Chimwemwe sichigulidwa m'botolo

Masiku ano pa Facebook ndi WhatsApp pachuluka otsatsa timibulu tomwe akuti n'tachilengedwe, tochotsa nkhawa ndi kutsitsimula ubongo. Abale anga, tisamale.

Tengani St John's wort, chitsamba chomwe ena amamwa akakhumudwa. Chimachititsa chiwindi kuchotsa msanga mankhwala ena m'thupi, kuphatikizapo ma ARV ndi mapiritsi olera. M'chaka cha 2000, bungwe la FDA ku America lidachenjeza za vutoli. Munthu wa ma ARV akamamwa chitsambachi mwakachetechete, kachilombo kangayambenso kuchulukana.

Ngati mwatha masabata awiri muli okhumudwa, tulo sitikubwera, chakudya sichikulowa, pitani kuchipatala, ndipo mukauze dokotala chilichonse chomwe mukumwa. Wogulitsa pa foni uja sadziwa zomwe zili m'kabuku kanu kakuchipatala. Chomwe akudikira ndi ndalama yanu basi.