Injini siifera panyanja, imafera pakhonde

Abale anga, mwera ukadikha kapena nyengo yotseka nyanja ikatha, padoko timamva dandaulo lomwe lija: "Injini ndinaisiya ili bwinobwino, lero ikukana kulira." Ena mpaka amaloza chala mnansi. Ine ndikuti ayi, chaipha ndi madzi, ndipo tinawatsekera mkatimo ndife tomwe.

Eni ndege zing'onozing'ono nkhaniyi anaidziwa kalekale. Lita imodzi ya petulo ikapsa imatulutsa madzi pafupifupi lita imodzinso. Ambiri amatuluka ngati nthunzi, koma otsala amachita thukuta pazitsulo injini ikazizira, dzimbiri n'kuyamba kudya mwakachetechete. N'chifukwa chake kampani ya Lycoming ya ku America, yopanga injini za ndege, imalangiza kuti ndege ikati ikhale masiku 30 osauluka, injini ithiridwe oyilo woteteza, ndipo m'malo mwa mapulagi aikemo zotsekera zokhala ndi mankhwala oyamwa chinyezi.

Nanga ife, amene injini yathu imakhala m'madzi usiku wonse kusaka usipa? Timangoigoneka pansi, kuikulunga m'pepala la pulasitiki, basi tapita kumunda. Pulasitikiyo ndiye amasunga thukuta. Komanso petulo wathu amasakaniza ndi ethanol wochokera ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ethanol amakoka chinyezi cha mumpweya.

Ndiye tichite izi. Injini iime chilili pamthunzi popita mphepo kuti madzi atsike. Ngati mwaigoneka, mutu ukhale pamwamba kuposa pulopela, apo ayi madzi amalowa mu silinda. Khuthulani petulo wa mu kabuleta. Masulani mapulagi, thirani kasupuni ka oyilo pabowo lililonse, kokani chingwe pang'onopang'ono kangapo, n'kubwezera mapulagiwo. Onaninso oyilo wa m'giya bokosi: akaoneka ngati mkaka, ndiye kuti madzi alowa. Kawirikawiri chimakhala chingwe cha ukonde chomwe chazengereza kuseri kwa pulopela n'kudula silo.

Wina anena kuti, "Oyilo wakwera mtengo, bambo." Zoonadi. Koma yerekezani kasupuni kamodzi ndi mtengo wa mabering'i ndi makaniko, kuwonjeza sabata zomwe boti likhale pamchenga anzanu akukoka chilimira. Pa injini imodzi pamadya mabanja angati? Mwini boti, alovi, amayi oyanika usipa, onsewo poto amakhala chozondoka.

Ukonde timausoka tisanaupachike. Injini nayonso tiziyamba taiumitsa tisanaitembenukire msana.