Kulera ndi Luso: Nkhope ya Khanda Ili ndi Uthenga

Mlimi wodziwa ntchito yake akaona masamba a chimanga achita chikasu safunsa munthu. Amadziwiratu kuti mbewuyo yasowa chakudya m'nthaka. Kulera khanda nakonso kumafuna diso lotere, pakuti mwana amene sanayambe kulankhula amanena zakukhosi ndi nkhope yake.

Khanda longobadwa kumene limaona bwino chinthu chimene chili pa mtunda wa masentimita 20 mpaka 30, womwe ndi mtunda wochokera pabere kukafika pankhope ya mayi. Likamva ululu limakwinya pamphumi, kutsinzina mwamphamvu ndi kuyasama. Pakatha masabata pafupifupi 6 limayamba kumwetulira likaona nkhope ya munthu, ndipo likatopa ndi masewera limayang'ana kumbali kuti lipumeko. Akuluakulu savutika kusiyanitsa khanda lokondwa ndi losautsidwa, koma kusiyanitsa mantha, mkwiyo ndi chisoni n'kovuta. Apa mleri amathandizidwa ndi kaliridwe ka mwanayo komanso zimene zangochitika kumene.

Nalonso khanda limawerenga nkhope ya womulera. M'chaka cha 1978, Edward Tronick ndi anzake ku America adafalitsa zimene adaona atapempha amayi kuti aumitse nkhope kwa mphindi zochepa, osaseka ngakhale kulankhula. Makandawo ankayesa kukopa amayi awo ndi kumwetulira. Zikakanika ankayang'ana kumbali ali osautsidwa.

Tsono pali amayi ena amene nkhope zawo zimauma kwa miyezi chifukwa cha matenda ovutika maganizo amene amadza mayi akachira. Umboni wa vutoli udachokera ku Khayelitsha, dera la anthu osauka kunja kwa mzinda wa Cape Town ku South Africa, kumene mabanja ambiri amakhala m'tizisakasa tamalata. M'chaka cha 1999, Peter Cooper, Mark Tomlinson, Lynne Murray ndi anzawo adalengeza kuti mwa amayi 147 amene adawayeza patatha miyezi 2 chibadwire ana awo, oposa mmodzi mwa atatu aliwonse adali ndi matendawa. Amayi otere sankalabadira msanga zizindikiro za ana awo. Chikondi adali nacho ndithu, koma mtima wolemedwa umatseka maso.

Ofufuzawo adayambitsa ntchito yotchedwa Thula Sana, mawu a Chixhosa otontholera mwana. Adaphunzitsa amayi a m'dera lomwelo, omwe sadali anamwino kapena madokotala, kuti aziyendera anzawo m'makomo maulendo 16, kuyambira mayi ali woyembekezera mpaka mwana atakwana miyezi 6. Mlendoyo ankamvetsera nkhawa za mayi, kenaka ankamuonetsa zimene khanda lake limatha kuchita: mmene limatsatira nkhope ndi maso, mmene limatembenukira kumene kukuchokera mawu, ndi mmene limasonyezera kuti latopa.

Amayi 449 adatenga nawo mbali, ena oyenderedwa, ena osayenderedwa. Zotsatira zidatuluka m'chaka cha 2009. Amayi oyenderedwa ankamvetsa bwino ana awo ndipo sankawakakamiza posewera. Anawo atakwana miyezi 18, ana 74 mwa 100 aliwonse a amayi oyenderedwa adapezeka kuti amadalira amayi awo ndi mtima wokhazikika, pomwe kwa enawo adali 63 mwa 100.

Phunziro kwa alangizi a zaumoyo ndi anthu odzipereka m'midzi ndi lakuti kuwerenga nkhope ya khanda ndi luso lophunzitsika, ndipo silifuna mankhwala kapena makina. Tsiku la sikelo, mwana akatsika pa chopimira, mlangizi aonenso ngati mayi ndi mwana akuyang'anana. Khanda likamwetulira, amuuze mayiyo kuti, "Taonani mayi, mwana wanu akukusekererani." Likayang'ana kumbali, amulimbitse mtima kuti mwanayo sakumukana, wangotopa. Mayi amene nkhope yake ili ndwii kwa masabata angapo, wosowa tulo ndi chilakolako cha chakudya, asadzudzulidwe kuti ndi waulesi. Amvetseredwe ndi kuperekezedwa kuchipatala.

Abambo, agogo ndi azakhali nawonso ali ndi gawo lawo. Mayi akafooka, khanda lisasowe nkhope ina yoliyankha pakhomo. Akuluakulu adati m'mera mpoyamba, ndipo mbewu iyi imafuna kuyang'aniridwa kuyambira sabata loyamba.