Madzi owira kumapiri: amapha kolera, koma osati kafumbata

Ngati mumakhala ku Nachisaka kapena m'mapiri ena a Dowa ndi Ntchisi, madzi a mumphika wanu amabwadamuka asanafike pa madigiri 100 amene ana amaloweza kusukulu. Amawira pa madigiri pafupifupi 96. Mpweya umalemera ndipo umapanikiza chilichonse, koma kumtunda kuno ndi wopepukirako, choncho nthunzi imathawa msanga. N'chifukwa chake nyemba zimachedwerako kupsa kusiyana ndi ku Salima.

Kupanikiza kukachuluka, zinthu zimapirira kutentha. Chitsulo chimasungunuka pa madigiri 1,538, koma pakatikati pa dziko lapansi, pomwe kutentha kumaposa madigiri 5,000, chidakali cholimba chifukwa chapanikizika kwambiri.

Nanga madzi a madigiri 96 n'ngabwino kumwa? Funsoli n'lofunika dzinja lililonse, makamaka pokumbukira kolera ya 2022 mpaka 2023, yomwe idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Yankho n'lakuti inde. Tizilombo ta kolera ndi ta matenda ena otsegula m'mimba timafa madzi asanayambe n'komwe kuwira. Akabwadamuka, dikirani mphindi imodzi, kenako phulani. Musamalize nkhuni powiritsa theka la ola. Ngozi yeniyeni imabwera pambuyo: ndowa yosavundikira, ndi kapu yomwe aliyense amaviikamo ndi manja osasamba.

Pa zida zodulira m'pomwe nkhani imasintha, ndipo mavolontiya a zaumoyo muimvetse bwino. Tizilombo ta kafumbata timadzikuta m'chikhokho cholimba, moti tikhoza kupulumuka ngakhale pa madigiri 100. Mumphika wa kuno, madzi sapitirira 96 ngakhale musonkhezere bwanji. Moto wambiri umangowaphwetsa.

Kuchipatala timagwiritsa ntchito autoclave, mphika wotsekeka umene umatsekera nthunzi mpaka kupanikiza kukweze kutentha kufika pa madigiri 121 kwa mphindi zosachepera 15. Pakhomo simungafikepo.

Choncho lezala yakale yowiritsa si yodulira mchombo wa khanda, ngakhale agogo atanena kuti kale ankatero. Mayi woyembekezera alandire katemera wa kafumbata kusikelo, ndipo masiku akayandikira apite kukadikirira kuchipatala mitsinje isanadzaze.