Mkamwini wa ku Domasi ndi Ulemu wa Makhoti Athu

Anthu a m'chigwa cha Domasi, m'boma la Zomba, amadziŵa a Richard Banda monga mkamwini wao, mwamuna wa Mai Joyce Banda a kwa Malemia, amene adali Mtsogoleri wa dziko lino kuyambira 2012 mpaka 2014. Okonda maseŵera amaŵakumbukira monga kaputeni wa timu ya mpira ya dziko lino pa unyamata wao. Koma ntchito imene mtundu wa Amalaŵi uyenera kuŵakumbukira nayo koposa ndi ya zaka khumi, kuyambira 1992 mpaka 2002, pamene iwo adali Jaji Wamkulu, ndiye kuti mkulu wa oweruza milandu onse m'Malaŵi muno. Nyuzi ino ikuona kuti m'mbiri ya zaka zimenezo muli phunziro limene akuluakulu a Boma pamodzi ndi aphunzitsi sayenera kuliiŵala.

A Banda, amene kwao ndi ku Nkhata Bay, adaphunzira za malamulo ku London, ndipo adalandiridwa monga loya ku Gray's Inn m'chaka cha 1966, nthaŵi imene maloya a mtundu wathu adali oŵerengeka. Mu 1970 adasankhidwa kukhala mkulu wozenga milandu m'dzina la Boma. Pambuyo pake adakhala mlangizi wamkulu wa Boma pa za malamulo, ndiponso Nduna ya za Chilungamo. M'zaka za m'ma 1980 adali jaji wa Khoti Lalikulu, ndipo mu 1992 adaloŵa m'malo mwa a Friday Makuta, amene adali Mmalaŵi woyamba kukhala Jaji Wamkulu.

Kuti timvetse kulemera kwa katundu amene adasenza, tiyenera kukumbuka m'mene makhoti adaliri pa nthaŵiyo. Mu 1969 Nyumba ya Malamulo idapatsa makhoti a mafumu a m'zigawo mphamvu zozenga milandu yakupha, ndipo m'kupita kwa nthaŵi makhotiwo adayamba kuzenganso milandu youkira Boma. Majaji anai a Khoti Lalikulu, onse ochokera kunja, adatula pansi udindo wao posagwirizana nazo. M'makhoti amenewo woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya, ndipo sakadatha kukachita apilo ku Khoti Lalikulu. Kumeneko ndi kumene a Orton Chirwa, Nduna yoyamba ya za Chilungamo m'dziko lino, adagamulidwa kuti aphedwe pamodzi ndi akazi ao, Mai Vera Chirwa, mu 1983. Chilangocho chidasinthidwa kukhala cha moyo wonse m'ndende, ndipo a Chirwa adafera m'ndende ya Zomba, mtunda wochepa chabe kuchokera ku Domasi, mu October 1992, chaka chomwecho chimene a Richard Banda adakhala pa mpando.

Sitidzabisa kuti a Banda adatumikira Boma la chipani chimodzi m'maudindo akuluakulu, ndiponso kuti chiyambi cha ulamuliro wao pa makhoti chidali ndi mthunzi wa nthaŵi imeneyo. A Chakufwa Chihana atapezeka olakwa pa mlandu woutsa mitima ya anthu kuti aukire Boma, n'kupatsidwa zaka ziŵiri za ukaidi mu December 1992, adakadandaula ku Khoti la Apilo. Khotilo, motsogozedwa ndi a Banda, lidachepetsa chilango kufika pa miyezi 9, koma silidaŵamasule. Ambiri adakhumudwa, ndipo kukhumudwako kudali ndi chifukwa chake. Mbiri ya munthu wamkulu iyenera kunenedwa yonse, zokoma ndi zoŵaŵa zomwe, pakuti ana athu sangaphunzire kanthu ku mbiri yopaka njereza.

Komabe mphepo idali itatembenuka. Pa 14 June 1993 Amalaŵi adasankha ndale za zipani zambiri, ndipo chaka chomwecho makhoti a mafumu a m'zigawo adaimitsidwa. Pa 17 May 1994 padachitika chisankho chimene chidabweretsa Boma la a Bakili Muluzi. Malamulo atsopano oyendetsera dziko, m'ndime ya 103, adakhazikitsa kuti makhoti ndi oweruza onse azigwira ntchito popanda kulamulidwa ndi munthu aliyense kapena ofesi iliyonse. Kulemba mau otere papepala n'kosavuta. Ntchito yaikulu idali kuŵasandutsa chizoloŵezi, ndipo ntchito imeneyo idagwera majaji amene a Banda adali mkulu wao.

Mayeso oyamba sadachedwe. Mu 1995 Dr. Hastings Kamuzu Banda, a John Tembo ndi ena adaimbidwa mlandu wokhudza imfa za a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga, amene adaphedwa ku Mwanza mu 1983. Mlanduwo udazengedwa poyera, m'Khoti Lalikulu, ndipo oimbidwa mlandu adali ndi maloya ao, mwai umene a Chirwa adamanidwa. Mu December 1995 khoti lidaŵapeza osalakwa, ndipo apilo ya Boma idakanidwa mu 1997. Achibale a anthu anai aja adatsala ndi misozi, ndipo sitikupeputsa chisoni chao. Koma dziko lidaona chinthu chachilendo: Boma latsopano, limene lidali ndi mphamvu zonse, lidagonja m'khoti ndipo lidalemekeza chigamulo. Khoti limene lidaponderezedwa dzulo ndi limene lidateteza ufulu wa olamula a dzulo. Akuluakulu adanena kuti chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe.

Mayeso ena adadza mu November 2001, pamene aphungu a Nyumba ya Malamulo adapempha Mtsogoleri wa dziko kuti achotse majaji atatu a Khoti Lalikulu, a Dunstain Mwaungulu, a Anaclet Chipeta ndi a George Chimasula Phiri, amene ntchito yao idakwiyitsa ena a mbali ya Boma. Maloya, mipingo ndi mabungwe a akatswiri a malamulo a kunja adadzudzula zimenezi, ndipo pomaliza palibe ndi mmodzi yemwe adachotsedwa. Pamene a Banda ankapuma mu 2002, adasiya makhoti amene adali atayesedwa ndi maboma aŵiri osiyana, osathyoka. Mutu umodzi susenza denga, ndipo ulemu umenewu ndi wa majaji onse a nthaŵiyo. Koma denga likaima, mmisiri wamkulu saiŵalika. Maiko ena adazindikira luso lao: adatsogolera bungwe la majaji ndi mamajisitireti a m'maiko a Commonwealth, ndipo adakakhalanso Jaji Wamkulu wa dziko la Swaziland, limene lero likutchedwa Eswatini.

Zipatso za mtengo umenewu zidaoneka bwino mu 2020. Pa 3 February majaji asanu adafafaniza zotsatira za chisankho cha Mtsogoleri wa dziko cha mu 2019, ndipo Khoti la Apilo lidagwirizana nao mu May. Boma la nthaŵiyo litayesa kutumiza Jaji Wamkulu Andrew Nyirenda ku tchuthi chokakamiza, khoti lidaletsa. Kulimba mtima kotere sikumera tsiku limodzi.

Choncho tikupempha akuluakulu onse a Boma, kuyambira ku Capital Hill mpaka kwa Bwanamkubwa ndi ku polisi, kuti chigamulo cha khoti chikafika pa tebulo lao azichitsata msanga, ngakhale chikhale choŵaŵa. Wosakhutira ali ndi njira yake, imene ndi apilo. Kalata ya khoti si yobisa m'kabati poyembekeza kuti mwini mlandu atope. Bwana amene anyoza khoti lero akugwetsa mpanda umene udzam'tchinjirize iye yemwe tsiku limene adzachoke pa udindo.

Kwa aphunzitsi, udindo wanu ndi waukulu koposa. Ku Domasi komweko kuli Malawi Institute of Education, kumene amakonza maphunziro a m'sukulu zathu, ndiponso koleji yosula aphunzitsi. N'koyenera kuti mbiri ya makhoti athu ichokere kumeneko n'kufika m'kalasi iliyonse. Mwana aliyense adziŵe kuti munthu ndi wosalakwa kufikira khoti litam'peza wolakwa, kuti woimbidwa mlandu ayenera kumvedwa, ndiponso kuti jaji si wantchito wa chipani. Mphunzitsi amene amamva mbali zonse ziŵiri asanalange ana okangana wayamba kale kuphunzitsa zimenezi. M'mera mpoyamba. Tiyeni tonse, aliyense pa malo ake, tisunge ulemu wa makhoti athu, pakuti popanda iwo palibe mtendere umene ungakhalitse.