Chikomekome cha mtengo wotsitsidwa

Mpeni wa m'thumba wa Okapi unayamba kusulidwa ku Solingen, m'dziko la Germany, mu 1902, ndipo mu 1988 ntchito yowupanga inasamukira ku South Africa. Sitolo ikalengeza kuti yautsitsa mtengo ndi theka, ogula amakhamukirako osafunsa kuti ndi theka la mtengo uti. Amalonda ena amayamba aukweza mwakachetechete kuti kutsitsako kudzaoneke kwakukulu. Pothana ndi chinyengochi, kuyambira mu 2022 mayiko a European Union amalamula wogulitsa kusonyeza mtengo wotsikitsitsa wa m'masiku 30 apitawo. Kumene kulibe lamulo lotere, wogula amadziteteza yekha pokumbukira mtengo wakale, kufunsa m'sitolo zina, ndi kuyesa ngati mpeniwo ukutseguka ndi kutsekeka bwino asanatulutse ndalama zake.