Mafuta a mabuleki akakana kutuluka, msomali si mankhwala

Ambiri a ife kuno ku Chongwe motoka timakonzera pakhomo, pansi pa mtengo wa mango. Zimenezi sitikuzinyoza, pakuti ndalama ya ku garaji ndi yomweyo ya feteleza. Koma pali cizolowezi cimodzi cimene tifuna kucidzudzula, cifukwa cikuika miyoyo ya anthu pa ciswe.

Zimayamba motere. Mwasintha mapadi, mnyamata ali m'kati akupopa copondera, inu mwamasula kanipo ka ku wilo kuti mpweya utuluke, koma mafuta osabwera ngakhale dontho. Dzuwa likulowa, ndipo mabokosi a tomato ayenera kufika ku msika wa Soweto m'bandakuca. Apa ndi pamene ena amafinya paipi ya wiloyo ndi pulayala kapena kukhomeramo msomali, nati mawilo atatu akwanira.

Ife tikuti sakwanira. Motoka yogwira mawilo atatu imakokera mbali imodzi mukaponda mwadzidzidzi, ndipo imaima patali. Pa Great East Road, pamene mabasi ndi malole amadutsana usiku ndi usana, kukokera mbali ndiko kulowa m'njira ya mnzanu. Nanga ikakhala ndi katundu pa zitunda za Manenekela, kulowera ku mlato wa Luangwa? Tisaiwale kuti vani ya tomato Lacisanu ndi yomweyo imanyamula kwaya Lamulungu ndi anamfedwa tsiku la maliro.

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mafuta amayenda njira imodzi, kucokera m'kabotolo ka pa master cylinder, kudzera m'mapaipi a citsulo ndi a labala, mpaka ku wilo. Nchito yathu ndi kutsata njirayo cobwerera mpaka tipeze pamene patsekeka. Musanayambe, cirikizani motoka ndi zitsulo kapena zipika zolimba. Jeke yokha siidalirika.

Coyamba, onani ngati m'kabotolo muli mafuta. Kenaka cotsani kanipo konse. Kabowo kake n'kakang'ono, ndipo matope a m'miseu yathu ya dothi ndi dzimbiri zimakatseka msanga. Katokoseni ndi kawaya, kapena gulani kena. Kawirikawiri vuto limathera pomwepa.

Ngati mafuta sakubwerabe, masulani pang'ono pamene paipi ya citsulo yakumana ndi ya labala, mnyamata aponde. Akatuluka pamenepo, wolakwa ndi labala. Paipi imeneyi ikakalamba imafufuma m'kati, kunja ikuoneka yabwinobwino. Nthawi zina imalola mafuta kupita koma osabwerera, n'cifukwa cake wilo imatentha ndi kugwira yokha. Yotere siitsukidwa. Sinthani, ndipo ndi bwino kusintha mbali zonse ziwiri. Akapanda kutuluka pamenepo, tsatani paipi ya citsulo pansi pa motoka, mwina mwala unaiphwanya.

Eni mavani dziwaninso ici. Mavani ambiri, monga Hilux zakale, ali ndi valavu kumbuyo imene imacepetsa mafuta opita ku mawilo a kumbuyo pamene mulibe katundu. Mukanyamula thupi la motoka mawilo n'kulendewera, valavuyo imaona ngati vani ndi yopepuka, ndipo mafuta amangodontha. Cirikizani pa ekiselo, muyesenso.

Mukafika pa master cylinder penipeni mafuta osatulukabe, kapena motoka ili ndi ABS, imani pomwepo. M'menemo muli timabowo ndi timalabala tofuna makanika wodziwa ndi zida zake. Safunsa anadya phula.

Tinenenso za mafutawo, cifukwa mavuto ambiri amayambira pa zimene timathira. Mafuta a injini, a giya kapena ophikira amafufumitsa malabala, ndipo malabala ofufuma ndiwo amatseka njira. Madzi a sopo amabweretsa dzimbiri. Thirani okhawo olembedwa pa cotsekera ca kabotolo, DOT 3 kapena DOT 4. Mafutawa amayamwa cinyezi. A DOT 3 atsopano sawira asanafike madigiri 205, koma akamwa madzi angathe kuwira pa 140 cabe. Pa citunda cacitali mabuleki amatentha, mafuta n'kuwira, copondera n'kumira mpaka pansi. N'cifukwa cake opanga motoka ambiri amati tiwasinthe zaka ziwiri zilizonse. Botolo losiyidwa lotsegula mvula yonse musaligwiritse nchito.

Tikudziwa kuti ena adzati paipi yatsopano ndi ndalama, ndipo tomato sadikira. N'zoona. Koma tomato angakwere vani ya mnzanu tsiku limenelo, mugawane mtengo wa dizilo. Paipi imagulidwa m'sitolo. Mwana wa mnansi wanu amene anakwera kumbuyo simudzam'gula kulikonse.

Bungwe la RTSA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2002, limapima motoka ngati ili yoyenera kuyenda pa mseu, koma silingafike pansi pa mtengo wa mango uliwonse. Wopima woyamba ndi mwini motoka. Mukamaliza nchito, pondani copondera. Cikhale colimba, cosamira pang'onopang'ono. Yang'anani ngati pali podontha, ndipo yesani motoka pabwalo musanalowe mu mseu waukulu.

Kwa inu akulu a mpingo ndi a makopaletivu amene mumabwereka motoka za maulendo, tikupempha kuti musamakambirane mtengo wokha. Funsani mwini wake ngati mawilo onse anai akugwira, ndipo aponde mabuleki inu mukuona anthu asanakwere. Kufunsa kotere si mwano. Pemphero la ulendo tipemphere ndithu, koma msomali uyambe wacoka m'paipi.